Mutu wa Mashini pa Lole ya Masamba

Lolemba, 8 Januwale 2024

Kope ili ndi langa ndekha, komabe wina akadzalipeza andikhululukire. Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Zilembo zokhotakhota, mawu ena ndimangolemba momwe amamvekera.

Mutu wa mashini anga osokera watayika. Lachisanu ndinakautenga kwa a Mwamadi okonza mashini ku Thyolo Boma. Wolemera, wosasenzeka. Lole ya a Osman inalipo, ija imanyamula katundu wa aliyense kupita ku Masambanjati. Ine mantha: auika pansi pa matumba a feteleza, auphwanya. Ndiye ndinaimitsa alamu anga a Blackson, amuna a mng'ono wanga Tamanda. Amayendetsa lole ya masamba a tiyi, inkabwerera kuchokera ku fakitale yopanda kanthu. Anthu onse kuno timatero, lole ikamabwerera timakwezapo chimanga, malata, mbuzi. Ndinati wachibale asamala. Ndinatsalira kugula ulusi.

Lole inafika. Mutu ayi.

Lachitatu, 10 Januwale

Masiku awiri mumsewu, kufunsa othyola tiyi. Palibe anaona. Mvula osakata. Pakhonde pangotsala tebulo la mashini ndi chopondera chake. Nsalu za anthu zisanu ndi ziwiri mudengu, ina ya diresi la ukwati wa pa 27.

A Blackson abwera atagwira chipewa m'manja. "Alamu, chitseko chakumbuyo sindinatseke, ndimathamangira ulendo wachiwiri wa masamba. Koma chonde zisamveke." Ndalephera kudya.

Lachisanu, 12 Januwale

Kwa a Anderson, eni lole. Ali ndi zitatu. Sanandipatse ngakhale mpando. "Mayi, lole zanga si matola. Ndili pa kontilakiti ndi esiteti, masamba basi. Katundu wanu anakwera bwanji? Dalaivala wake uti?"

Ndinati dzina ndaiwala. Bodza langa loyamba chaka chino. Iwo: "Mukalikumbuka mubwere, ndikumufuna munthuyo."

Lachiwiri, 16 Januwale

Kwa alangizi a zamalamulo, mayi Mtisunge. Ndilembe ndisanaiwale.

Akuti onyamula katundu ali mitundu iwiri. Woyamba ndi ngati a Osman, amene anadziika pamsewu kuti aliyense wolipira amunyamulira. Ameneyo sangakukanize popanda chifukwa, ndipo katundu akatayika m'manja mwake mlandu ndi wake, ngakhale anene kuti anasamala. Kupatula zinthu zochepa, ngati madzi osefukira, kapena mwini katundu atalakwitsa yekha.

Wachiwiri ndi ngati a Anderson, wonyamulira amene wapangana naye yekha. Angakukane momwe afunira. Katundu akatayika, ndiwe uyenera kuonetsa kuti panali kusasamala. Ndiponso ine sindinapangane ndi a Anderson. Akhoza kunena kuti dalaivala anachita zake, mlandu nkugwera dalaivalayo.

Ndinafunsa kuti msewu umodzi, matope amodzi, malamulo awiri bwanji? Anati lamulo silifunsa msewu, limafunsa kuti mwini galimoto analonjeza kunyamulira ndani.

Umboni ndili nawo, chitsekocho. Akuti ndilembe kalata yodandaula, ndi dzina la dalaivala. Mutu ukupweteka.

Loweruka, 20 Januwale

Ku msika. A Osman amva kale. Akuseka ali pamwamba pa nthochi: "Atelala, munathawa lole yanga kuopa ngozi? Ife timaphwanya, inde, koma timabweza!" Amayi a tomato nawo kuseka. Ndinangopita osagula mchere.

Madzulo Tamanda, mwana kumsana. Sanalonjere bwino. "Achemwali, mukatchula dzina awachotsa ntchito tsiku lomwelo. Ana anayi. Inu ndi amene munawaimitsa pamsewu, iwo anakukomerani mtima." Ndinati nanga anga atatu adya tebulo? Wachoka osatsazika.

Chowawa n'chakuti sananame. Ndinawaimitsa ndine.

Lachinayi, 25 Januwale

Amayi a mkwatibwi atenga nsalu yawo, akasoketsa kwina. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ena awiri atenganso zawo dzulo.

A Blackson akadutsa ndi lole amayang'ana kumbali. Chitseko masiku ano amamanga ndi waya.

Kalata ndalemba katatu, yonse ndi pensulo. Tsiku, msewu, chitseko, zonse zilimo. Pamalo a dzina ndasiya mpata. Mayi Mtisunge anati popanda dzina siipita paliponse, ndipo ngakhale ndi dzina salonjeza kuti a Anderson alipira. Ndiye ndingathe kuwachotsetsa ntchito alamu, mashini osawaonabe.

Mutu wa mashini sunapezeke. Tamanda sakundilankhula. Dzina sindinalembe, ndipo kalatayo sindinaing'ambe.