Mawu a Tisa mu Gemu Yatsopano

Alongo anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tikudzukako, koma chiikireni Tisa m'manda chakudya sichikundilowa.

Loweruka kunabwera anzake awiri a ku Katondo, aja ankapanga nawo gemu ya pafoni yozinda mpira. Akumaliza gawo lachiwiri. Atandiyatsira, ndinamva mwana wanga akukuwa, "Zinda iwe, wagona!" kenako kuseka kwake kuja. Anajambula mawuwo asanadwale.

"Amama, tiwasiye kapena tiwachotse?" anandifunsa. Ndinawauza kuti ndiyambe ndaganiza.

Ndikavomera kuti mawuwo akhalemo, ndikuopa kudzamumva mwadzidzidzi mu minibasi, pafoni ya munthu wosamudziwa. Ndikakana, ndiye kuti ndamutseka pakamwa ndekha. Abweranso Lachisanu. Inu ndinu malume ake, chonde ndiyankheni msanga.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Agnes