Pasiwedi munapita nayo ku Zomba

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Kuno kudziko la eni, ku Imizamo Yethu, tilipo, chifuwa cha mwana wanga Tadala chachepa. Koma ine mtima suli m'malo, ndipo ndakukwiyirani zedi.

Laputopu munandisiyira pobwerera ku Zomba ija yasiya kugwira wayifayi. Ndinaizimitsa ili bwinobwino, poyatsa kachizindikiro ka netiweki kasowa. Ndainyamula mpaka pakhomo pa eni wayifayi imene timagwiritsa ntchito kuno, ayi ndithu, pomwe mafoni a anthu akugwira.

A Banda oyandikana nafe anabwera kudzaona. Anatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo kaja, nati kapulogalamu koyendetsa wayifayi kagona, kakufunika kudzutsa. Atalemba zawozo, makina anafunsa pasiwedi. "Mayi a Tadala, lembani apa," anatero. Ndilembe chiyani ine? Munaikonza kuti izingotseguka yokha, pasiwedi osandiuza! Tinayesa dzina langa, la mwana, ngakhale la mudzi wathu, yakana. A Banda anaseka, amvekere, "Ndiye kuti inu ndi alendo m'nyumba mwanu momwe."

Achimwene, munkatama Linux yanuyi, pulogalamu munaika m'laputopumu, kuti ndi yaulere, ya aliyense. Nanga ine si munthu? Kulembetsa sukulu kuno n'kwa pa intaneti, ndipo akutseka sabata ino. Tadala akasowa malo, ndizimusiya ndi ndani ndikamapita ku ntchito? Ndizimutsekera m'shaki, kachisakasa ka malata tikukhalamoka, moto wa kuno mukuudziwa?

Kalatayi ndaijambula pa foni ya a Banda. Yankhani pomwepo, lero. Mulungu akusungeni, koma musandiuze kuti mwaiwala.

Ndine mlongo wanu,
Esinati