Anayi Enawo Ndani?

Kapichi, Thyolo
14 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Crispin,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno mvula yayamba, tiyi waphukira kuesiteti mpaka mapiri onse abiriwira. Tonse tili moyo. Ndati tili moyo, sindinati tili bwino. Kusiyana kwake ukukudziwa, paja ndiwe wophunzira za maganizo a anthu.

Mu envulopu muno muli mapepala ako a kafukufuku wa mabanja aja. Uwalandire ndi manja awiri, chifukwa anatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa zaka makumi anayi wa anthu amene anakubereka.

Ukukumbukira funso lachisanu ndi chiwiri? "Kodi mumakhutira motani ndi amuna anu kapena akazi anu? Zungulizani nambala kuyambira 1 mpaka 5." Pamwamba unandilembera ndi inki yofiira kuti ndiziyamba ndafotokoza kuti 5 ndiye kukhutira kwambiri, komanso kuti wina asaone pepala la mnzake. M'mabanja ena onse ndinatero. Kwathu ndinati aa, makolo a anthu awiri a madigiri angalephere kuwerenga mpaka faifi? Ndinawasiyira n'kuthamangira kusukulu kukalembetsa mayeso. Iwo atamaliza anapsinja mapepala onse awiri ndi wailesi patebulo.

Tsono taganiza. Amayi athyola tiyi zaka makumi atatu. Kwa iwo nambala ndi ya pasikelo: dengu likalemera nambala imakwera, munthu umabwerera kunyumba ukuimba. Anazunguliza 5 mpaka bolopeni kuboola pepala. Abambo moyo wawo wonse anali kufakitale, kusankha tiyi. Kwa iwo giredi wani ndiye wokwera sitima kupita kunja, faifi ndi fumbi losesa pansi. Anazunguliza 1, n'kujambula kanyenyezi pambali.

Aliyense anapereka mtima wake wonse. Kenako aliyense anasuzumira pepala la mnzake.

Pobwera kusukulu ndinapeza amayi akusenda chinangwa ngati chawatukwana. Ati zaka zonsezi, kubereka, kuchapa maovolosi onunkha tiyi, munthu n'kukuyeza wani? Ati ngakhale wongoyamba kumene kuthyola, tsiku la malungo, sabweretsa wani pasikelo.

Abambo anali pakhonde, magalasi pamphuno, chakudya chosakhudza. Funso lawo linali limodzi basi: ngati ine ndili nambala faifi, anayi enawo ndani?

Apa ndiye ndiulule. Ndikanatha kuithetsa nkhaniyi pomwepo. Sindinatero. Ndinkafuna ndimve mayina anayiwo. Usapukuse mutu, nawenso ukanafuna.

Abambo anawalemba kuseri kwa kalendala. Woyamba a Goodson oimbitsa kwaya, chifukwa amayi akachedwa amawadikira asanayambitse kolasi. Wachiwiri a Everson, chifukwa chaka cha chilala chija anakweza amayi kutsogolo kwa thirakitala pomwe azimayi ena anali m'ngolo. Wachitatu a Blackson a butchala. Nditawakumbutsa kuti amenewo anamwalira ife tili kupulayimale, ati kumwalira sikuchotsa munthu pamndandanda. Wachinayi anasowa, ndipo ameneyo ndiye anawawondetsa. Anangolemba kuti "wina wake", ndipo mwamuna aliyense wodutsa pamsewu atavala jekete ankamuperekeza ndi maso mpaka akakhote.

Mphekesera itawafika a Goodson, m'malo mokana anakagula tayi.

Kuseka kwanga kunatha Lachinayi m'mawa, nditapeza abambo akumangirira sutikesi panjinga. Ati mkamwini akasanduka fumbi sadikira tsache, abwerera kwawo ku Thekerani. Crispin, ku Thekerani kwatsala ndani? Azakhali anatisiya, nyumba inagwa, munda anagawana adzukulu oti sawadziwa n'komwe. Munthu wa shuga, tsitsi lotsalalo lonse mbuu. Amayi anaima pakhomo manja m'chiuno, ati apite, akam'peze wa faifi wawo kumeneko. Koma ndinawaona ndi maso angawa akulowetsa mapilitsi a shuga m'thumba la jekete la abambo.

Ndinachotsa mpweya kumatayala onse awiri n'kuthamangira kwa amalume a Yesaya, ankhoswe a banjali.

Tinakhala pansi pa mpeyala. Ine mphunzitsi wa masamu, wadigiri, ndinagwada n'kulemba manambala padothi ndi kamtengo ngati wa Sitandade 1. Ndinavomera kuti wolakwa ndine. Amalume ati iwo aweruzapo nkhani za mowa, za chigololo, za apongozi, koma sanaitanidwepo chifukwa choti anthu awiri akondana mosemphana manambala. Ati mlandu uwu ukanayenera kukagwera kwa mwini mapepala. Ndinavomereza ndi mtima wonse.

Amayi anafunsa kuti nanga kanyenyezi kaja n'kachiyani. Abambo, maso ali kumapiri, ati ndi tiyi amene sagulitsa, amene mwini esiteti amasunga kuti azimwa yekha. Amayi anaphimba pakamwa ndi chitenje. Abambo nawo atamva kuti faifi ndi dengu lodzaza mpaka kusefukira, anakhosomola kawiri, n'kupita kukamasula sutikesi.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma abambo ako uwadziwa. Ati popeza zamveka, amake Mildred azungulizenso pamaso pa ankhoswe, kuti zikhale za boma. Ndinali ndi pepala limodzi lotsala. Amayi analandira bolopeni, anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi, n'kuzunguliza 4.

Ati munthu woganiza kuti iwo angatembenukire Goodson wa mano atatu uja, dengu lake latayika pang'ono panjira. Amalume anadzuka n'kumapita osatsanzika, mapewa akugwedezeka.

Kuyambira tsiku limenelo sindikuwazindikira abambo. Akutunga madzi pamjigo pakati pa azimayi. Akusesa pabwalo. Lamlungu ananyamula Baibulo la amayi, akuyenda pambali pawo, osati mamita khumi kutsogolo monga mwa masiku onse. Madzulo aliwonse amandinong'oneza kuti ndikafufuze ngati yakwerako. Amayi ati folo ndi hafu papepala palibe.

Tsono pempho ndi ili, ndipo likuchokera kwa abambo. Ati usalembe kaye buku lakolo. Sakufuna aphunzitsi ako a ku Joni akawadziwe ngati munthu wa folo. Ati uwapatse mpata mpaka Khirisimasi, ndipo pobwera utenge pepala limodzi losalemba. Ponena zimenezi sankaseka, Crispin. Anavula ndi chipewa chomwe.

Iwo atangotuluka, amayi anandikokera kuseri. Ati ndikuuze kuti pepalalo ulibweretse pa Isitala.

Katswiri ndiwe, usankhe wekha. Ine ndili mbali ya Isitala, chifukwa denga la kukhitchini ladontha zaka zitatu ndipo dzulo ndinaona abambo akubwereka makwerero.

Upereke moni kwa alamu anga a Victoria ndi ana. Amalume akuti ukafika uyambe wadzera kwawo. Mulungu akusunge, akupatse nzeru, ndipo ulendo wina akupatse makolo a eni ake oti uziyeserapo sayansi yako.

Ndine mlongo wako wotopa,
Mildred