Chitini cha a Petros

LACHISANU

Ambuya Eness, 08:12
🎤 Pearl, mdzukulu wanga, wawamva atate ako? Ati kumeta maliro n'zachikunja. Ine ndaika mwamuna wanga m'manda, tsitsi likhale pamutu ngati ndachokela ku ukwati? Abednego, nawenso uli m'gulu muno, tchela khutu. Mawa ndimeta.

Abednego, 08:20
Amai, not mu nyumba yanga. Ndine elder ku church. Plus muli na sugar, lezala ikakuchekani chilonda sichizapola

Ambuya Eness, 08:27
🎤 Nyumba yako ya ku Woodlands khala nayo, mwanawe. Yanga ya ku Kabwata ikadali ndi denga. Ndakwela kale basi.

Pearl, 08:31
ambuya nizakumetani ine. bt osati na sopo yowashila. ku bafa kwanu kuli ka gel kamene agogo a Petros anali kumetela ndevu

Ambuya Eness, 08:40
🎤 Chitini chija? Toto! A Petros ndinawachenjeza mpaka pakamwa kuuma. Cha m'katimo chimatuluka chabuluu, ukachikhudza chasanduka choyela, chikutupa chokha m'manja. Chinthu chosanduka ukuona, ndichiike pamutu ine? Chikalowa mu ubongo?

Pearl, 08:52
kkkk sichilowa. nawelenga pa net. muli madzi, sopo, na glycerine yamene mudzola mu June

Pearl, 08:53
madzi afewetsa tsitsi, glycerine na sopo vipangitsa lezala kutelela. so siikoka, siicheka

Pearl, 08:55
kutupa kuja ni ka gas kali mkati. kakamva kufunda kwa khungu kauka, ndiye thovu. palibe zamatsenga

Ambuya Eness, 09:06
🎤 Gilisalini ndimudziwa, sanandilakwilepo. Kampweya kakoko ndiko sindikakhulupilila. Uyambe wapaka padzanja pako, ndione ngati susupuka. Ndipo chitinicho chisayandikile mbaula, chingatiphulikile tonse, maliro n'kukhala awili.

Pearl, 09:08
apo mwakamba zoona, gas na moto sivimvana 😂

Abednego, 09:15
Pearl, don't try me. Sunga mwendo wako pa nyumba

Pearl, 09:19
daddy ambuya azameta ndithu, muwadziwa. ni ine na gel, or neighbour na lezala youma. sankhani

Abednego, 09:20
📞 missed call

Abednego, 09:21
📞 missed call

LOWELUKA

Ambuya Eness, 07:48
🎤 Pearl, lezala ikhale yatsopano, uitsegule ine ndikuona. Mu basi usauze munthu kumene ukupita. Tsitsi langa lisagwe pansi ngakhale limodzi, tiyala chitenje, ndikalikwilila ndekha. Ndipo mutu wanga usaujambule, sindifuna uyende m'mafoni a anthu.

Pearl, 07:50
ok ambuya. fundisani madzi, osati owila

Abednego, 09:02
Pearl uli kuti

Abednego, 09:40
Amai muyankhe phone

Pearl, 10:44
tasiliza daddy. no cut, olo kamodzi. anagwila dzanja langa mpaka thovu inauma kuona ngati nizasupuka, tinachita kupaka ina

Ambuya Eness, 11:03
🎤 Abednego, ndameta. Mutu uli see, magazi palibe. Ukawauze akuchalichi kwako kuti mkazi wa a Petros walila mwamuna wake monga amai ake analilila wawo. Koma mwana wakoyu sanandiuze zonse za m'chitini muja. Anati madzi, sopo, kampweya. Fungo sanatchule. Pearl atangondipaka, atate ako analowa m'nyumba, monga Lamulungu m'mawa akamapita ku Misa. Ndamuletsa Pearl kutsegula mawindo.

Abednego, 11:30
🚫 message deleted

Abednego, 12:17
Yasalamo gel?

Ambuya Eness, 12:25
🎤 Yatsala pang'ono. Ubwele ndi lezala yako. Lezala sabwelekana, ingakupatse matenda.