Abambo Atsikira pa Sharpevale

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno tadzuka. Dzinja ladutsa kawiri chikuyikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana. Ndiyamba ndi zopepuka, chifukwa yolemera ndi imodzi yokha ndipo sindikudziwa poyigwirira.

Mchemwali wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Akakwiya amayang'ana kumbali monga munkachitira inu ndikachedwa kuchokera kusukulu. Chimanga cha m'munda wa kudambo chinapsa ndi ng'amba, koma nandolo watipulumutsa. Denga la nyumba yanu linayamba kudontha chakuchipinda, ndiye ndakhomapo malata ena. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija sinasiye kuba, ndipo palibe amene akulimba mtima kuyigulitsa.

Tsopano nkhani ija. Sitima ya anthu yayambanso kuyenda pa njanji yathu, ndipo ikuyima pa Sharpevale. Mwambo wotsegulira unachitika Loweruka lapitali. Inu mukudziwa bwino kuposa ine chimene siteshoni imeneyo ili pa banja lathu. Ndi pomwe abambo anakwerera popita kumigodi ku Joni ine ndikukwawa, ndipo uthenga wa imfa yawo utabwera, mtembo sunabwere. Munkakonda kunena kuti munthu woyikidwa kutali sanafe bwino, wangotsala pa ulendo.

Chaka chatha, nditapita kumsonkhano wa akatswiri a nthaka ku Joni komweko, ndinafufuza manda awo mpaka ndinawapeza. Ndinatapa dothi lodzaza chitini cha mkaka, katondo wofiira kwambiri, kuti lidzagone pambali panu. Nditawauza bambo aang'ono a Filimoni, mng'ono wawo wa abambo amenenso anagwirako ntchito kumigodi, anandiletsa kulibweretsa pa galimoto. Anati tidikire sitima, popeza zinali zitamveka kale kuti ikubwerera.

"Achimwene anachoka pa sitima, abwerenso pa sitima," anatero. "Uwagulire tikiti yawoyawo. Pa mtsinje uliwonse uziwauza kuti mukuwoloka. Ndipo usayankhule ndi munthu wamoyo mpaka utafika kumanda, chifukwa pomwe utsegule pakamwa ndi pomwe iwo atsalire. Ife tikakudikira kumandako, kuti usatione pa siteshoni n'kuyamba kutipatsa moni."

Ndinawafunsa ngati kulemba papepala kukuwerengedwa ngati kuyankhula. Anandiyankha kuti, "Sukulu ija inakuwonongadi, mwanawe. Ingokhala chete."

Ndikuuzeni zoona, Amayi. Ntchito yanga ndi kuyeza nthaka, ndipo ndikudziwa zomwe zinali m'chitinimo: mchenga, dongo, ndi chitsulo chimene chimafiiritsa katondo. Sindinapezepo njira yotsimikizira kuti munthu angakhale m'zimenezo. Koma sindinapezeponso njira yotsimikizira kuti sangakhalemo, ndipo inu munadikira zaka zonse zija. Choncho ndinavomera.

Ndinakwerera pa Balaka, chitini nditachikulunga m'chitenje chanu chobiriwira. M'bogimo munali modzaza, amayi akuyimba, ena atayimirira. Chitini chinakhala pampando wa kuwindo. Bambo wina amene anayimirira ndi thumba la anyezi anandigwira paphewa.

"Akulu, kamtolo kanuka kali ndi tikiti?"

Ndinamuonetsa matikiti awiri aja. Anawayang'ana, nayang'ananso ine, kenako anatembenukira anzake. "Taonani kulemera kwake! Ife tayimirira, chitini chikuona dziko." Bogi yonse inaseka, ine osayankha. Titafika pa mlatho wa Rivirivi ndinawerama n'kunong'ona kuti, "Abambo, tikuwoloka." Bambo uja anasuntha n'kukayima kutali.

Pa Sharpevale sindinaonepo anthu ochuluka chotero. Ana a sukulu anali pamzere ndi timbendera, amuna a ngoma akuponda pansi ndi zishango zawo mpaka fumbi kuphimba mabogi, eni magolosale atatseka zitseko kuti adzaone, nthungululu zosalekeza. Agogo ena anagwira chitsulo cha sitima ndi dzanja ngati akupatsa moni m'bale. Ndinaganiza kuti chovuta chatha, kwatsala kuyenda pansi kokha.

Sindinadziwe kuti dzina langa linali pa mwambo. Okonza chikondwerero anamva kuti ndikubwera pa sitima yoyamba, ndipo anandiyika m'gulu la alendo olemekezeka. Nditangoponda pansi, a Nachisale, mnzanu wa kumvano uja, anafika ndi amayi ena, nagwada, natambasula manja.

"Takulandirani adokotala, mwana wa mnzanga! Bwera naye katunduyo, mlendo sanyamula yekha kwawo."

Inu ndi amene munatiphunzitsa kuti mlendo salandiridwa ndi maso, amalandiridwa ndi manja. A Nachisale anachita zomwe inu mukanachita. Ndinakanirira chitini, ndikupukusa mutu, koma iwo anayesa kuti ndi ulemu wa kutauni. "Asa! Wayamba manyazi ndi amayi ako?" Anachikoka ndi mphamvu za munthu wolima, ndipo amayi ena anandikankhira kumipando ya kutsogolo.

Chinachitika pambuyo pake ndachiganizira mobwerezabwereza. Pambali pa siteshoni panali dzenje lokumbidwa kale, loti mlendo wamkulu adzalemo mbande ya mbawa yokumbukira tsikulo. A Nachisale atamasula chitenje n'kupeza dothi, anaganiza monga munthu aliyense wanzeru akanaganizira: katswiri wa nthaka wabwera ndi dothi pa tsiku lodzala mtengo. Anathamanga nalo kwa woyendetsa mwambo, ndipo ndinamva mawu akuphulika pa chimkuzamawu.

"Mwana wathu, dokotala wa nthaka, sanabwere chimanjamanja! Watitengera dothi lapadera la kuyunivesite kuti mtengo wathu ukule msanga. Manja kwa iye!"

Ndinadzuka n'kuyamba kupanikizana ndi anthu, koma onse ankafuna kundigwira chanza. Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino. Ndikanafuula, abambo akanatsalira pa siteshoni, chifukwa ndikanakhala nditatsegula pakamwa. Ndikanakhala chete, dothi likanathiridwa m'dzenje, nalonso pa siteshoni pomwepo. Njira zinali ziwiri, koma zonse zinkathera malo amodzi. Ndisanasankhe n'komwe, katondo uja anali atagwera pa makande akuda a kwathu, khasu litasakaniza, ndowa ya madzi itakhuthulidwa pamwamba. Anthu anaomba m'manja.

Kenako anandipatsa chimkuzamawu kuti ndinenepo mawu. Ndinayima pamaso pa mafumu, akuluakulu a boma ndi khamu lonse, pakamwa nditatseka. Woyendetsa mwambo anadikira, kenako anaseka mwamanyazi. "Adokotala agwidwa ndi chimwemwe. Sitimayi yawalanda mawu!" Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Si chimwemwe ayi, Chichewa anayiwala ameneyo." Ndinawerama, ndinatola chitini chopanda kanthu pamodzi ndi chitenje chanu, ndipo ndinachoka.

Ndili m'njira ndinasuzumira m'chitinimo. M'mphepete mwa pansi munakanirira dothi pang'ono, lokwana mwina supuni imodzi. Ndinapitiriza kukhala chete. Pa kamtsinje ka kuseri kwa chigayo ndinawauza kuti tikuwoloka, ngakhale sindinkadziwa ngati ndikuyankhula ndi munthu kapena ndi chitini. Kumanda ndinapeza bambo aang'ono, Esinati ndi adzukulu atakumba kadzenje pambali panu. Ndinagogoda chitini, kadothi kaja kanagweramo, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinayankhula koyamba.

Nditafotokoza zonse, Esinati analira. Akuti abambo tawasiya pa msewu ngati katundu wopanda mwini, ndipo akufuna tikazule mtengowo. Ndinamuuza kuti katondo wosakanizidwa ndi makande n'kuthiridwa madzi sangapatulidwenso, ngakhale ndi zipangizo zonse za kuntchito kwathu. Bambo aang'ono anandifunsa funso limodzi lokha.

"Unayankhula?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye afika. Enawo ndi mafumbi."

Koma m'mawa mwake ndinawaona iwo omwewo ali pa siteshoni, atavula chipewa patsogolo pa kambande kaja, akuzunguliza minga kuti mbuzi zisakadye. Nditawafunsa, anati mtengo wa boma suyenera kuwonongeka. Maso awo anali ofiira.

Ndiye ndasokonezeka, Amayi. Ngati munthu amatsatira chete wa womunyamula, abambo ali pambali panu. Ngati amatsatira kuchuluka kwa dothi, ali pa siteshoni, akuona sitima ikubwera ndi kupita, ndipo inu mwalandira supuni imodzi ya mwamuna amene munamudikira moyo wanu wonse. Ndayesa kugawa funsoli m'njira zonse zimene ndinaphunzira, koma silikugawika. A Nachisale sitinawauze, ndipo ndaletsa aliyense kuwauza. Akuyenda monyadira, akuuza anthu kuti mbawa ija ikukula ndi dothi la kuyunivesite, ndipo ndi iwo amene akuyithirira m'mawa uliwonse.

Anthu kuno akusangalala, ndipo ali ndi chifukwa. Amayi a tomato ayamba kale kukwera ndi madengu awo, ndipo odwala opita kuchipatala chachikulu sakugwedezekanso pa njinga. Nanenso ndikufuna kusangalala nawo ndi mtima wonse, koma sitima ikalira sindikudziwa ngati ndiyang'ane kusiteshoni kapena kumanda.

Inu nokha ndi amene mukudziwa ngati afika. Ngati afika, muwauze kuti mwana amene anamusiya akukwawa ndi amene anakhala nawo pampando, ndipo tsopano ali ndi imvi. Ngati sanafike, musataye mtima. Ndaganiza chochita, ndipo bambo aang'ono sanatsutse. Nthawi iliyonse ndikabwera kumudzi ndizitsikira pa Sharpevale, ndizitapa dothi lodzaza dzanja patsinde pa mbawa ija, ndi kuyenda nalo osayankhula ndi munthu mpaka pamene mwagona. Sindikudziwa kuti zidzatenga maulendo angati. Anthu adzapitiriza kunena kuti ndine wonyada, koma ndizibwera nawo pang'onopang'ono mpaka atakwanira.

Ndimakukondani, Amayi. Muwasungire malo.

Ine mwana wanu,
Yohane