Ndinalephera kukana m'Chingerezi, mdzukulu akupita

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Hatcliffe, ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsewu. Mdzukulu wanga Paida ndamulera kuyambira ali wakhanda, mayi ake atamwalira. Bambo ake, mwana wanga Admire, ali ku Mangalande, ndipo anakwatira mkazi wa komweko wosamva Chishona ngakhale Chichewa.

Mwezi watha anandiimbira foni onse awiri. Mpongozi wangayo anandifunsa m'Chingerezi maganizo anga pa zoti Paida akakhale nawo. Mumtima ndinkakana, ndinkafuna mwanayu ayambe wamaliza sukulu kuno. Koma ine ndinakulira pa famu, Aphungu. Kumeneko wolankhula Chingerezi sitinkamuyankha molunjika, tinkazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye ndinayamba: "Me I am thinking that maybe, to my side, it is not so bad, but..." Ndisanafike pa mfundo, mpongozi anaomba m'manja, "Thank you, Mum!" Admire sanandifunsenso. Pano akukonza mapepala a ulendo.

Paida wasiya kudya bwino. Dzulo anandifunsa, "Gogo, mwatopa nane eti?" Ndinangotulukira panja. Mtima ukundiwawa zedi. Ndinene bwanji kuti andimve?

E. L., Hatcliffe

Mayi E. L.,

Pepani, nkhani yanu yandikhudza. Koma pukutani misozi, mwanayo sanakwere ndege.

Ulemu wa pa famu uja ndi umene wakugwetsani. Kwathu kuzungulira ndi ulemu, koma mpongozi wanu anamva ngati mwalola. Mukafuna kunena maganizo anu m'Chingerezi, nenani "I think" kamodzi basi, kenako chinthucho: "I think Paida should finish school here." Mukafuna kukana: "I don't think she is ready." Za "me", "maybe" ndi "to my side" zitayeni, zikungokudyerani nthawi. Mukamaliza tsekani pakamwa, musawonjezere "sorry". Yesererani mokweza mukamayala tomato m'mawa mpaka lilime lizolowere.

Koma yambani ndi Admire, payekha, m'Chichewa. Ameneyu munamubereka nokha, amadziwa mmene mumamvekera mukamakana. Anakumvani bwinobwino tsiku lija, anangobisala kumbuyo kwa mkazi wake. Muuzeni zimenezo mosapsatira. Paida nayenso mukhale naye pansi lero lomwe, mumuyankhe funso lake lija, mumufunsenso chimene iye akufuna. Mwina akufuna kupita, koma akuwawidwa kuti simunamulimbirane.

Chenjerani ndi chimodzi: musanyoze mpongozi, iye anafunsa mwaulemu. Ndipo sindikunamizani, mayi. Admire ndi bambo wa mwanayo, akhoza kukumvani bwino n'kumutengabe. Ndiye tsiku loimbira foni Admire ndi mkazi wake, Paida akhale pambali panu. Ngati n'kupita, apite atamva ndi makutu ake agogo ake akumukaniza.

Aphungu