Dziwe Lobiriwira Kuposa Onse

Lolemba, 2 Okutobala

Dzuwa lophika mutu. Koma dziwe langa, eee! Kuno ku Madzimoyo konse palibe lina. Nsomba zonenepa ngati ntchafu za apolisi. Ukwati wa mwana wanga Mwiza pa 21. Ndalengeza kutchalitchi: aliyense nsomba yake yake, mutu ndi mchira.

Loweruka, 7 Okutobala

Abwera a Ezekiel, alangizi a zansomba. Akuti zitosi za nkhuku ndizithira pang'ono, madzi abiriwire, nsomba zipeze chakudya. "Mukaviika mkono mpaka m'chigongono, chikhatho osachiona, lekani." Pang'ono? Ine Abednego? Atangochoka ndakhuthula wilibala yonse, ndi feteleza wotsala chaka chatha. Pofika ukwati nsomba imodzi azidzanyamula anthu awiri.

Lachisanu, 13 Okutobala

Kubiriwira kwake! Ndere pamwamba ngati penti. Chigongono chiti, ngakhale chala sichioneka. Amake Mwiza akuti kukununkha. Ndati ndi fungo la chuma, mphuno zawo sizinazolowere. Andiponyera chitsononkho.

Lachitatu, 18 Okutobala

M'mawa nsomba zonse pamwamba, kukamwa yasa yasa. Zikuimba kwaya ya ukwati, ndatero. Zingapo chagada. Ulesi wa kunenepa.

Lachinayi, 19 Okutobala

Ndasankha zazikulu, ndowa yodzaza, ndatumiza kwa asewere ku Kasenengwa. Alawiretu, adziwe banja limene mwana wawo akukwatirako.

Masana. Galu wanga Tilipo wamwa m'mphepete, pa ndere zokhuthala paja. Kusanza, kunjenjemera, miyendo kukana. Pofika madzulo wapita.

Ndaimbira a Ezekiel. "Ndere zotere zina zimakhala ndi poizoni, moto suupha. Pasadye munthu." Foni ya asewere yozima. Kuli tiana tawo kumeneko. Njinga ili kuti

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndinapalasa ngati ndaba njingayo. Kufika, mphika uli pamoto, tomato kale, tiana tazungulira ndi mbale. Moni sindinapereke. Ndinangoti mphika nyamu, kudzala khuthu! Asewere aakazi chipande m'manja, kukamwa pululu. "Asewere, kwanu mumalonjera chonchi?"

Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinafotokoza zonse, ndi za wilibala zomwe. Aamuna anaseka mpaka kutsokomola. Akuti nkhaniyi adzaikamba okha paukwati, pa maikolofoni.

Ndiwo za mawa: kabichi, nyemba, ndi tonde wanga uja ndinkati sadzaphedwa mpaka Yesu abwere. Amake Mwiza anola kale mpeni, akuimba nyimbo. Nsomba takwirira, dziwe tatchinga ndi minga.

Koma liwiro lija, lilembedwe. Madzimoyo mpaka Kasenengwa, minibasi ziwiri ndinazisiya m'mbuyo. Mwina zitatu.

Tilipo ndamuika pansi pa mango. M'mawa uno ndinamuimbira likhweru ndisanakumbukire.